Bala ya pa 6 July tiyendetsa bwanji chaka chino? Za chaka chatha zija zisachitikenso

Mlembi_Turffontein
Abale moni nonse. Ndikulemba m'malo mwa komiti ya phwando lathu la 6 July. Holo tapeza, yomwe ija ya chaka chatha, DJ wavomera, amayi a mpunga ndi nkhuku agawana kale ntchito. Chatsala ndi nkhani ya bala ndipo dzulo ku msonkhano tinakangana mpaka kubalalika osagwirizana kanthu. Ena akuti tigulitse ngati kale poti ndalama zambiri za thumba la maliro zimachokera pa mowa, ena akuti mowa usaoneke n'komwe, ena akuti aliyense abwere ndi wake, ena akuti bala itsekedwe 9 koloko. Amene munalipo chaka chatha mukudziwa mmene zinathera. Ndiye tati tiibweretse pano aliyense alankhulepo, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'mabala ndi m'malesitilanti. Chonde osatchula maina a anthu.

Kabwerebwere
Phwando lopanda mowa ndi msonkhano wa mpingo umenewo kkkk mundiuze nthawi yake ndibwere ndi buku la nyimbo

NaPhiri_wa_Rosettenville
Ine ndiyambe poti pa bala chaka chatha ndinaima ndine, kuyambira 2 koloko masana mpaka zinthu zitasokonekera. Ndinakhala chete chaka chonse koma lero ndiyankhula. Bambo aja amene nonse mukuwadziwa anabwera pa kauntala cha m'ma 9, kuyenda kwake kochita kugwira mipando, ndalama anatulutsa katatu ikugwa pansi. Ndinawauza mwaulemu kuti bambo takhalani kaye pansi ndikupatseni madzi ndi kanyama, mowa tionana bwino. Anamenya kauntala mpaka ma glass kudumpha, amvekere mwana iwe unabwera liti ku Joni kuno, mwamuna wako ntchito anamupezera ndani. Ndipo zinali zoona, ganyu yoyamba ya abambo akunyumba anawapezera ndi iwowo. Ndinayang'ana a komiti awiri amene anaima pambali panga kuti andithandize, mmodzi anangoti apatseni asisi, si alipira. Ndinawapatsa ma quart awiri manja akunjenjemera. Pasanathe ola anakweza anthu sikisi kumbuyo kwa bakkie, sanafike n'komwe ku Booysens, anakagunda chipilala cha robot. Mtsikana amene anathyoka mkono uja amagwira ya m'nyumba, madamu ake sanadikire kuti achire, analemba wina. Mawa lake pa foni anthu ankati amene amagulitsa ndani, sanaone kuti munthu wakhuta? Ndiye musanakambe za permit kaya za mitengo, mundiyankhe ichi, munthu wa pa bala akakana, kumbuyo kwake kuima ndani?

Mai_a_Tadala
Pepani asisi, ine sindimadziwa kuti zinayenda choncho. Tinakuweruzani pachabe.

Chipanda_Chadzadza
Nkhani ya asisiwa ndi yomvetsa chisoni koma tisatengerepo mwayi wotisandutsa ana. Sabata yonse timalamulidwa, bwana ati imilira apa, madamu ati usakhale apo, landlord ati alendo ayi. Tsiku limodzi pa chaka loti tikumane a Malawi okhaokha, tivine zathu, ndiye komiti izindiwerengera mabotolo? Ine ndili ndi zaka 47, mowa ndinayamba kumwa enanu musanabadwe ndipo sindinamenyepo munthu. Wolakwa ndi amene anayendetsa galimoto ataledzera, basi. Mulange iyeyo osati tonse.

Wetala_wa_Rosebank
Akulu a Chipanda ndikumvani, ndipo palibe amene akufuna kukuwerengerani. Koma ndiloleni ndifotokoze mmene zimakhalira kuntchito, ndakhala pa bala zaka naini kuno. Lamulo la kuno silimangoona womwa yekha, limaonanso wogulitsa. Kugulitsa mowa kwa munthu amene waledzera kale ndi mlandu, kugulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndipo amene amagwidwa ndi mwini laisensi ndi amene wapereka botololo. Ndiye kwathu manejala amatiuza tsiku loyamba kuti ukakana kastomala usakangane naye, undiitane ine. Zimene asisi NaPhiri akufunsa ndi zomwezo. Ine ndimatha kukana munthu wa suti ya ndalama zoposa malipiro anga a miyezi itatu chifukwa ndikudziwa kuti manejala abwera kudzanena zomwe ndanenazo. Ndikanakhala ndekha sindikanayerekeza.
China chomwe anthu sadziwa ndi kukula kwa zimene timagulitsa. Quart ya Black Label ndi 750 ml pa 5.5%, ukawerengera muli mowa weniweni pafupifupi 41 ml. Tot imodzi ya gin wa 43% ndi 25 ml, muli pafupifupi 11 ml. Ndiye quart imodzi ikuyandikira ma tot folo. Munthu akati ndangomwa atatu okha, akunena ma tot oposa teni, koma iye mumtima akuwerenga atatu. Chaka chatha ndinaona ndi maso anga gin akuthiridwa m'makapu a pulasitiki opanda muyezo, wothira akungoyang'ana nkhope, akakhala mnzake amadzadzitsa theka la kapu. Kamuyezo ka tot kamagulitsidwa motchipa, ine ndibweretsa tiwiri taulere. Ndipo ma quart asiyeni, gulani timabotolo ting'onoting'ono kapena zitini, phindu pa kreti limakhalanso bwinoko.

Kabwerebwere
Achimwene mwatiphera chisangalalo ndi masamu. Ine ndimati ndimamwa pang'ono, kani ndine fakitale

Chipanda_Chadzadza
Masamu ndawamva a Wetala. Koma kuledzera mukuuona bwanji? Pali anthu amamwa awiri n'kuyamba kulira maliro a agogo awo a 1998, pali ena kreti theka ali phee. Ndiye mtsikana wa pa bala ndi dokotala kuti adziwe?

Wetala_wa_Rosebank
Sizifuna udokotala akulu. Munthu akubwereza nkhani imodzi katatu, akulephera kuwerenga chenji, watsamira kauntala ndi chifuwa, mawu akukoka, wayamba kugwiragwira anthu osawadziwa. Ziwiri mwa zimenezi zikaoneka ine ndimayamba kuchedwetsa. Sumanena kuti mwaledzera, mawu amenewo ndi amene amayambitsa ndewu. Umati madala ndikubwera, imwani kaye madziwa, kapena umamutumizira mbale ya chips. Nthawi zambiri amaiwala yekha. Ndipo ali phee wa kreti theka ujayo ndi amene ndimamuopa kwambiri chifukwa ndi amene amatenga makiyi molimba mtima.

Mjomba_wa_Mayfair
Salaam abale. Ife ena sitimwa, chipembedzo sichilola, koma phwando timabwera ndipo ku thumba la maliro timasonkha mofanana ndi aliyense. Sindikunena kuti muletse mowa, dziko ndi la tonse. Pempho langa ndi laling'ono. Chaka chatha Fanta ndi madzi zimagulitsidwa pa kauntala yomweyo ya mowa, ndiye ine ndi ana anga awiri tinaima pamzere umodzi ndi anthu oyaka kale, wina anamuthira mwana wanga mowa pa kanzu. Ikani tebulo la zoziziritsa kukhosi mbali ina, kutali, ana asakhale ndi chifukwa chofikira ku bala. Tebulo limenelo ndikhoza kuyang'anira ineyo ndi akazi anga.

Mai_a_Tadala
Mjomba mwanena zoona ndipo ndiwonjezere. Chizolowezi chathu chotuma ana chija tichisiye kumudzi. Iwe Junior tenga ndalama iyi ukandigulire ziwiri, mwana wa zaka 12 akudutsa mu holo atakumbatira mabotolo. Kwathu timaona ngati ndi ulemu kuti mwana akutumikira akulu koma panjira amalawa amenewo, ndinawaona anyamata atatu kuseri kwa zimbudzi akugawana Savanna. Amene munali kuno 2022 mukukumbuka za ku Enyobeni ku East London, ana 21 anafera mu tavern usiku umodzi mwezi wa June, wamng'ono kwambiri wa zaka 13. Makolo aja sanaganizepo kuti zingawaonekere. Ine wanga ali ndi zaka 16 koma thupi lake mungati ndi wa 22, ndevu zayamba kale, wa pa bala angamudziwe bwanji ngati pageti sanamufunse ID?

Dolo_wa_Diepsloot
ID yake iti mayi, ena pasipoti inatha kalekale ndipo sitiyenda nayo dala kkkk mukufuna pageti pakhale ngati Beitbridge?

Mai_a_Tadala
Palibe amene akufuna kuona chidindo chanu achimwene, tikufuna chaka chobadwa basi. Ndipo inu ndi imvi zanuzo palibe akufunseni. Ndi achinyamata okhawa amene nkhope zikukayikitsa. Olo chithunzi cha pasipoti cha mu foni chikwana.

Mlonda_Usiku
Pageti ndikhoza kuthandiza, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Njira yosavuta ndi timalamba ta pamkono tija ta pepala, mtundu wina akulu mtundu wina ana, kamodzi kokha polowa, ndiye wa pa bala amangoyang'ana mkono osafunsanso zambiri. Koma ine nkhawa yanga ndi mabotolo. Ndewu ya chaka chatha ija ya pafupi ndi ma speaker inali ya anthu awiri okha koma amene anasokedwa pachipumi ndi munthu wachitatu amene amangodutsa. Chilichonse chithiridwe mu kapu ya pulasitiki, botolo lisatuluke kuseri kwa kauntala. M'mabwalo a mpira amachita choncho pa chifukwa chomwecho.

Noma_Mpaka_Kale
Kunena za mpira, pa tsikuli padzakhala TV? Mwina Manoma adzakhala akusewera

Maule_4_Life
Adzakhala akuluza mukutanthauza. Ndiye bala itsekedwe msanga ndithu, a Noma akaluza amamwa mowa wa chisoni

Noma_Mpaka_Kale
Iwe usandiyambe, chaka chino muona

Kabwerebwere
Ine funso langa ndi lofunika kuposa onsewa. Green adzapezeka? Transporter wina amabwera Lachinayi lililonse, tikamuuza pano akhoza kutitengera makreti angapo ndi Malawi Gin. 6 July kumwa Castle ndi kunyoza mbendera

Dolo_wa_Diepsloot
Green wa masiku ano si uja wa kale man, chigulireni a Castel kampani ija 2016 ine pakamwa panga sipamvanso chimodzimodzi

Maule_4_Life
Pakamwa pako ndi pamene panasintha, wazolowera Zamalek, Black Label ija

Mlembi_Turffontein
Abale za Green ndi za mpira tikamba tsiku lina. Tibwerere ku bala chonde. Pali amene akudziwa za permit?

Wa_Mapepala_Randburg
Ndilipo a Mlembi, ndimagwira pa kampani ya catering ndipo mafomu amenewa ndimathamanga nawo ndine. Ndinene mosabisa, chaka chatha tinagulitsa mowa popanda chilolezo chilichonse ndipo tinangochita mwayi. Kuno ku Gauteng mowa umayendetsedwa ndi Gauteng Liquor Act ya 2003, ndipo olo mukugulitsa tsiku limodzi lokha pamafunika pepala lochokera ku Gauteng Liquor Board, amalitcha occasional permit. Silituluka tsiku lomwelo, umayenera kupempha nthawi ikadalipo, ndiye ngati komiti ikufuna njira imeneyi iyambe sabata ino osati kumapeto kwa June. Ena amati tingokweza mtengo wa tikiti n'kunena kuti mowa ndi waulere mkati, kumeneko n'kudzinamiza, ndalama yasinthana manja ndipo mowa waperekedwa. Komanso mowa waulere ndi umene umagwetsa anthu msanga chifukwa aliyense amafuna kubweza ndalama yake ya tikiti. Za makreti a transporter zija, ine pa bala ya permit sindingaike katundu amene ndilibe lisiti yake. Ndipo tikumbukire kuti ife si eni dziko. Apolisi akalowa mu holo chifukwa cha mowa wopanda pepala sathera pa kulanda makreti, amayamba kufunsa aliyense mapepala ake, ndiye phwando la ufulu anthu ena akalimalizira ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Njira ina yosavuta ndi kupeza holo kapena kampani yoti ili kale ndi laisensi, iwo agulitse, ife tigwirizane nawo gawo la phindu.

Msungichuma_wa_Gulu
Gawo la phindu limenelo ndi limene likundidetsa nkhawa. Ndinene monga wosunga thumba. Tikiti ndi chakudya zimangobweza ndalama ya holo, DJ ndi mipando. Chimene chimalowa mu thumba ndi cha pa bala. Chaka chino tatumiza kale maliro awiri, wina ku Nkhata Bay wina ku Mangochi, ndipo nonse mukudziwa mtengo wonyamula thupi kuchoka kuno kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka kufika kumudzi. Thumba lapepuka. Mukati titseke bala 9 koloko, tisagulitse ma quart, tigawane ndi kampani, zonsezo ndi zabwino koma mundiuze dzenjelo tikwirira ndi chani.

NaPhiri_wa_Rosettenville
A Msungichuma ndikufunseni pagulu pano poti mabuku muli nawo. Phindu la bala chaka chatha, ndi ndalama imene tinasonkha ya mtsikana wa mkono uja, ya lendi yake miyezi itatu, ndi ya mnyamata wosokedwa pachipumi, yochuluka inali iti?

Msungichuma_wa_Gulu
Zinatsala pang'ono kufanana asisi. Sindikana.

Dolo_wa_Diepsloot
Eeeh ndiye tinagwira ganyu yaulere

Mphwake_wa_Madala
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhe. Amene mukuwanenawo ndi malume anga, olo simunatchule dzina aliyense akudziwa. Analakwa, iwonso amavomera, galimoto inatha, mlandu anayankha kukhoti, kwa mtsikana uja anapita okha ndi akazi awo kukapepesa ndipo anathandizapo. Chaka chonse sanapondeko ku msonkhano chifukwa cha manyazi. Koma anthu omwe lero mukulemba ngati angelo ndi omwe munkawagulira ma round masana onse mukuwatcha bwana mkubwa, ndipo pokwera bakkie palibe anakukakamizani, munkathamangira malo chifukwa Bolt munkaiona kudula. Munthu mmodzi asasenze tchimo la holo yonse.

NaPhiri_wa_Rosettenville
Achimwene ine malume anu ndilibe nawo chifukwa, anabwera kwathu tinakambirana zinatha. Mwina simunandimve bwino. Amene ndikuwadandaula ndi amene anali ndi nzeru zawo zonse, osaledzera, n'kundiuza kuti apatseni.

Mphwake_wa_Madala
Apo ndiye tagwirizana asisi. Pepani ngati ndinakwera mawu.

Driver_wa_Bolt_Cosmo
Poti za ife zatchulidwa. Malire a kuno kwa woyendetsa wamba ndi 0.05 g pa 100 ml ya magazi, kwa ife a PrDP, chiphaso cha madalaivala onyamula anthu, ndi 0.02, kutanthauza kuti ine olo kamodzi sindilawa ndikakhala pa ntchito. Quart imodzi yokha ikhoza kukudutsitsa malire amenewo. Loweruka usiku a JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, amakonda kutchinga misewu yotuluka kumwera kuno, akakuuzitsa kamakina kaja n'kupezeka wadutsa, ukagona m'selo ndipo ukapezeka wolakwa dzina limada. Tsiku lokakonzetsa mapepala ako akafuna police clearance ndi pamene umalira bwino. Maganizo anga ndi awa, tilipo a Malawi ambiri oyendetsa Bolt ndi Uber, pagulu pano pokha ndikudziwa asanu. Komiti itiuze nthawi yotsekera, tidzaime panja kuyambira 9, anthu a dera limodzi akwere anayi anayi agawane mtengo. Wa ku Tembisa ndi wa ku Cosmo City asadzayambe kufunafuna transport 11 koloko usiku ma taxi atasiya kuyenda, nthawi imeneyo ndi imene munthu amakwera chilichonse chimene chili ndi matayala.

Chipanda_Chadzadza
Ine ndikamwa ndimamwa khofi wakuda makapu awiri ndisananyamuke, mutu umayera bwinobwino.

Sister_wa_Night_Shift
Bambo Chipanda khofi amangokutsegulani maso, mowa m'magazi uli pomwepo. Chimene chimachotsa mowa ndi chiwindi ndipo chili ndi liwiro lake, pafupifupi ka tot kamodzi pa ola, simungachithamangitse ndi khofi, kusamba madzi ozizira kaya kudya tsabola. Mwa masamu a achimwene a ku Rosebank aja, ma quart atatu ndi nkhani ya mpaka m'mawa. Ine ndimagwira ku casualty ndipo Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndimalidziwa ndi fungo. Amene munali kuno nthawi ya Covid mukukumbuka mowa utaletsedwa, pa 1 January 2021 chipatala cha Baragwanath chinaonetsa zithunzi za chipinda cha ovulala chili mbee, opanda wodwala ndi mmodzi yemwe, chinthu chimene anati sichinachitikepo. Sindikuti tiletse, ndikungoti tidziwe chimene tikugulitsa.
Chimene ndikupempha komiti ndi ichi. Munthu akathima musamusiye yekha, musamugoneke chagada, ndipo musamukokere panja kuti apitidwe mphepo monga tinachitira ndi mnyamata wina chaka chatha. July wa ku Joni usiku kumazizira mpaka madzi kuuma pa galasi la galimoto, ndipo woledzera amamva kutentha pomwe thupi likutaya kutentha kwake. Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba lopinda, mutu wopendekera pansi pang'ono kuti akasanza zituluke osabwerera kukhosi, mumufunditse, wina akhale naye. Ngati sakudzuka mukamutsina, kapena akupuma modukizadukiza, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, musayambe kumumwetsa mkaka. Ndipo chakudya chituluke msanga. Chaka chatha bala inatsegulidwa 2 koloko, mpunga unafika 6 koloko, maola folo anthu akumwa m'mimba muli njala. Ine ndidzakhalapo ndi kabokosi kanga ka first aid koma ndikufuna kudzavina osati kudzagwira shift ina.

Mai_a_Tadala
Za mpunga zo tavomera Sister, gasi anatithera pakati. Chaka chino tiphikira kunyumba tibwere nazo zakupsa.

Mkulu_wa_Mpingo_Yeoville
Ine maganizo anga mukuwadziwa, mowa usakhalepo. Tikusonkhetsa ndalama zonyamulira maliro pogulitsa chinthu chimene chimabweretsa maliro, ndi nzeru yanji imeneyo? Kumudzi boma linaletsa masacheti titaona ana asukulu akugona m'ngalande. Koma ndaona kuti pano ndili ndekha ndiye sindilimbikira. Ndingopempha kuti pemphero lotsegulira ndi nyimbo ya fuko zichitike bala isanatsegulidwe, chaka chatha ena ankaimba atanyamula botolo m'mwamba.

Kabwerebwere
Abusa botolo lija linali m'malo mwa mbendera, tinaiwala kubweretsa

Chipanda_Chadzadza
Chabwino, makapu a pulasitiki ndavomera, timalamba ta ana ndavomera, za khofi Sister andigonjetsa. Koma kutseka bala 9 koloko mukulakwitsa ndipo mudzandikumbuka. Mukatseka mkati anthu sasiya kumwa, amapita ku ma boot a galimoto. Panja pamakhala cooler box pa galimoto iliyonse, kumeneko kulibe muyezo, kulibe NaPhiri wokana, kuli mdima, ndipo munthu akumwa atatsamira galimoto yomwe ayendetse. Komanso kumwera pamsewu apolisi amanyamula. Bola amwere mkati momwe mukuwaona. Walira mvula walira matope.

Wetala_wa_Rosebank
Apa akulu mwalasa. N'chifukwa chake ine za aliyense abwere ndi wake ndimazikana kwambiri kuposa zonse, ndi njira imene imaoneka yotchipa koma palibe amene amayang'anira kanthu. Pa nthawi yotseka tikhoza kukumana pakati. Phwando likutha 11, ndiye gin ndi zina zaukali zisiye 9, mowa wamba upitirire mpaka 10, ola lomaliza nyimbo zikulira, tiyi ndi madzi zaulere, nyama yootcha ikugulitsidwa. Anthu sathawira panja ngati mkati mukukoma. Ndipo DJ asamalengeze kuti last round, mawu amenewo anthu amathamangira kukagula anayi anayi. Nthawi ilembedwe pa chipepala pakhomo ndi pa tikiti kuyambira pachiyambi, komanso munthu asagule zoposa ziwiri nthawi imodzi.

Mlonda_Usiku
Za ma boot ndi zovuta, ndinene zoona. Mkati mwa mpanda wa holo ndikhoza kuzungulira ndi anzanga awiri, koma galimoto zoimika pamsewu ndilibe nazo mphamvu. Chimene tingachite ndi kunena kuti wotuluka geti ikatha 9 sabweranso. Ena adzatukwana koma ndazolowera.

Dolo_wa_Diepsloot
Nanga wotuluka kukasuta?

Mlonda_Usiku
Asutire kuseri kwa holo mkati mwa mpanda, malo alipo

Msungichuma_wa_Gulu
Nyama yootcha ndi tiyi mwanenazo zandipatsa maganizo. Tikati tebulo la Mjomba ligulitsenso thobwa, mandasi ndi zitumbuwa, ndipo tikiti tikweze ndi R20, mwina dzenje lija lichepa. Thobwa weniweni wa mawere anthu kuno amamusowa, mageu a mu shop si chimodzimodzi. Ndiwerengera usiku uno ndikuuzani.

Mjomba_wa_Mayfair
Thobwa ndilandira koma akhale wa tsiku lomwelo kapena dzulo lake, akagonera masiku anayi ameneyo apite ku bala ya a Wetala

Wapampando_6July
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Asisi NaPhiri, mmodzi wa awiri amene anaima pambali panu tsiku lija ndinali ine. Sindine amene ndinati apatseni koma sindinatsegulenso pakamwa, ndinayang'ana kumbali ngati ndikuwerenga makreti. Ndinkaopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Pepani. Chaka chino ndikupempha komiti ilembe kuti wa pa bala akakana wakana, wodandaula abwere kwa ine, ndipo wa komiti aliyense amene ali pa ntchito tsikulo asamwe mpaka titatseka. A Randburg tionane Lachiwiri za permit ija, mubwere ndi mndandanda wa zofunika.

Kabwerebwere
Komiti yosamwa?? Ndiye ine chisankho chikubwerachi musanditchule dzina

NaPhiri_wa_Rosettenville
Ndamva a Wapampando, zikomo. Pa bala ndibwerera ngati a Wetala adzakhalepo nane, ndipo inuyo mudzaime pomwepo kuyambira 8 osati kumangozungulira ndi alendo olemekezeka. Ndipo zimene mwanenazi zilembedwe pa chipepala chachikulu, m'Chichewa, chipachikidwe kumbuyo kwanga kuti wina akadzayamba za unabwera liti ku Joni ndidzangoloza ndi chala.

Wetala_wa_Rosebank
Ndipempha off lero lomwe. Koma wina andipezere mabeseni awiri akuluakulu a ice, chaka chatha mowa unkaziziritsidwa mu bafa la mwana.

Mphwake_wa_Madala
Mabeseni ali kwa malume, ndikawafunsa. Mwina abwera nawo okha ngati mungawalandire.

Mlembi_Turffontein
Abwere, koma pa Bolt. Msonkhano Lamulungu 3 koloko malo omwe aja. Nkhani ya geti ya 9 koloko sitinamalize, a Chipanda ndi a Mlonda mudzabwere nonse mudzaithere komweko. Ndani ali ndi mawere, kapena tiuze transporter wa Lachinayi uja?